Kodi mumadziwa? Chotupa cha paphewa chimabwerera mukachifinya

Kawirikawiri chotupa chomera paphewa kapena kumsana ndi kathumba kokhala pansi pa khungu. M'kathumbamo mumaunjikana khungu lakufa, loyera ndi lolimba ngati phala lozizira, ndipo limanunkha. Pakatikati pake nthawi zambiri pamakhala kadontho kakuda. Munthu akhoza kukhala nacho zaka zambiri osamva kuwawa, mpaka tsiku limene mpini wa khasu kapena thumba la nandolo lichikhula, kathumba n'kuphulikira m'kati. Pamenepo chimatentha, kufufuma ndi kuwawa ngati chithupsa.

Kuchifinya, kuchiboola ndi singano kapena kutemapo mphini kumangotulutsa zam'kati. Kathumbako kamatsala n'kudzazanso, ndipo lezala lakuda limalowetsa tizilombo. Ku chipatala cha Holy Family kapena cha boma ku Migowi, chotupa chikakhala ndi mafinya amayamba achicheka kuti atuluke. Kuchotsa kathumba konse amadikira kutupa kuphwe, pakapita masabata angapo.

Chotupa cholimba, chosasuntha, chokula msanga kapena choposa masentimita 5 musachichedwetse kunyumba, chifukwa china chimakhala khansa.