Kusefa Magazi Pakhomo: Chithandizo ndi Ngozi Zake

Munthu wa ku Nambuma impso zikaleka kugwira ntchito, ayenera kupita kawirikawiri ku Kamuzu Central Hospital, kumene makina asefa magazi. Koma ilipo njira ina, imene Popovich ndi Moncrief anaiyambitsa mu 1976. Wodwala ali kwawo athira malita 2 a madzi amankhwala m'mimba kudzera m'kachubu, kanayi pa tsiku, ndipo nembanemba yokuta matumbo ndiyo isefa zoipa.

Tsono ngozi yake nayi. Tizilombo tikalowa, nembanembayo itupa, mimba ipweteka, madzi natuluka ambuu. Pakapita zaka, shuga wa m'madziwo aikhuthalitsa, ndipo zipsera zikhoza kumanga matumbo.

Chotero njirayi ifuna manja oyera ndi chipatala chapafupi. Boma pofikitsa madzi abwino m'midzi, lilambulanso njira ya chithandizo chotere.