Namwino wa Pachipatala Chathu Amaphunzira Chiyani?

Mayi akafika kusikelo m'mawa, namwino amamuyeza mimba ndi magazi, amabaya mwana katemera ndi kulangiza za kulera. Usiku namwino yemweyo ndiye mzamba. Ntchito zonsezi anaziphunzira kusukulu, ndipo Boma likasintha kayendetsedwe ka zaumoyo, sukulu za anamwino nazonso zimasintha zophunzitsa.

M'chaka cha 1978 mayiko anakumana ku Alma-Ata nagwirizana kuti chithandizo chifike kumidzi, ndi kuti kupewa matenda kukhale patsogolo. Namwino anayenera tsopano kudziwa za madzi abwino, zimbudzi ndi kadyedwe ka ana, kuwonjezera pa kusamala odwala ogonekedwa. Chaka chotsatira, 1979, sukulu ya Kamuzu College of Nursing inakhala gawo la Yunivesite ya Malawi.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi Edzi. Pamene mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, anamwino anali ochepa kwambiri, popeza ena anamwalira ndipo ena anapita kukagwira ntchito ku Britain. Boma ndi mayiko otithandiza anawonjezera malipiro ndi 52 peresenti kuyambira 2005, ndipo sukulu zamishoni monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo zinayamba kutenga ophunzira ambiri. Mu 2011 Boma linalamula kuti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wake wonse. Madokotala sakanatha kufika pachipatala chilichonse chakumudzi, choncho anamwino anaphunzitsidwa kuyambitsa mankhwalawo okha. Ana ambiri amene akusewera pabwalo lero anabadwa opanda kachilombo chifukwa cha maphunziro amenewo.

Nanga m'tsogolomu? Mu 2021 sukulu ija ya anamwino inaphatikizidwa ndi ya madokotala kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Matenda nawonso akusintha. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi khansa ya khomo la chiberekero zafika kumidzi, ndipo namwino wamawa ayenera kuzizindikira msanga wodwala asanafooke.

Koma namwino saphunzira m'kalasi mokha. Pa ntchito yanga yoyendera zitsime ndi zimbudzi ndaona ophunzira unamwino akubwezedwa pakhomo, eni nyumba ati ndi ana. Kumeneko ndi kudzimana tokha, pakuti wophunzira amene sanaone kumene wodwala amatunga madzi adzachiza kutsegula m'mimba lero, mawa wodwalayo n'kubweranso.

Tsono ophunzira akadza pamudzi, afumu ndi makolo alandireni ndi kuwayankha zoona. Kuchipatala aloleni akuyezeni, popeza amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Limbikitsaninso ana anu, asungwana ndi anyamata omwe, pa masamu ndi sayansi kuti adzakhoze mayeso a Folomu 4. M'mera mpoyamba: namwino amene adzakusamaleni muukalamba mwina ali ku pulayimale ya m'mudzi mwanu lero.