Mkangano wa inshulansi umayamba tsiku losayina

Mu Januware 2022 mphepo yamkuntho ya Ana itagwetsa mvula, mtsinje wa Revúbuè unasefukira mpaka kuononga mlatho wopita ku Moatize. Pambuyo pa zisankho za pa 9 Okutobala 2024, zipolowe zinaotcha ndi kuswa masitolo m'mizinda yambiri ya Mozambique. Wamalonda wa m'dera la Samora Machel mumzinda wa Tete amene amalipira inshulansi chaka ndi chaka angaganize kuti pa masoka awiriwa kampani iyenera kumubwezera zonse. Sizikhala choncho, ndipo chifukwa chake chimakhala chitalembedwa kale m'pepala la mgwirizano, lomwe kuno amalitcha apólice.

Malamulo a inshulansi a dzikoli ali mu Decreto-Lei 1/2010, ndipo pa inshulansi ya katundu mfundo yake yaikulu ndi yakuti kampani imabweza zimene munthu wataya basi, osaonjezerapo phindu. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Tinene kuti m'sitolo muli katundu wa 2 miliyoni meticais, koma mwini wake analembetsa 1 miliyoni pofuna kulipira zochepa. Moto ukaononga katundu wa 600,000, kampani idzapereka 300,000 yokha, chifukwa theka lokha ndilo linatetezedwa. Kusefukira kwa madzi ndi zipolowe nazonso kawirikawiri sizikhala m'mgwirizano wamba wa moto. Zimaonjezedwa padera, ndi ndalama zake.

Ena adzati zonsezi ndi misampha yothawira kulipira. Dandaulo limeneli lili ndi mutu. Mapepalawa amalembedwa m'Chipwitikizi cha maloya, pomwe wogula amachita malonda ake m'Chinyungwe kapena m'Chichewa, ndipo wogulitsa inshulansi amene safotokoza zimene mgwirizano sukhudza amalakwira kasitomala wake kwambiri. Komabe ndalama zimene kampani imalipira wina zimachokera kwa onse olembetsa. Ikamabweza zimene sizinalipiridwe, mitengo ikwerera aliyense, ngakhale mayi wa kagolosale amene ananena zoona za katundu wake.

Wokanidwa ali ndi kolowera. Koma poyamba, ngozi ikangochitika, mwini sitolo ayenera kudziwitsa kampani m'masiku amene apólice ikunena, apo ayi kuchedwako kudzamutembenukira. Kampani imatumiza katswiri woyesa zoonongeka, ndipo mwini sitolo amene sakugwirizana ndi chiwerengero chake angabweretse katswiri wake, pamodzi ndi malisiti, mabuku a katundu ndi zithunzi. Akakanidwa, apemphe chifukwa chake molemba, kenako adandaule ku bungwe la boma loyang'anira makampani a inshulansi ku Maputo. Zikakanika, nkhani imapita kukhoti, kapena kwa oweruza apadera amene mbali ziwirizo zasankha malinga ndi Lei 11/99, ngati mgwirizano unatero. Kulikonseko woweruza adzayamba ndi kutsegula apólice ija, kenako adzafunsa malisiti, ndipo m'masitolo ambiri malisitiwo amasungidwa m'kabati yomwe imapsa pamodzi ndi katundu.