Bodza la wandale tisamalithandize kufala

Wandale akaima pamsonkhano ku Nkope n'kunama kachitatu, ena amayamba kukhulupirira chifukwa makutu azolowera. Atolankhanife timalakwitsa tikaika mawu akewo pamutu wa nkhani, ngakhale pansi pake tikuwatsutsa. Msodzi amene akukonza ukonde wailesi ili pambali amamva mutu wokhawo.

Ine ndimati tiyambe ndi choona, bodzalo tilitchule kamodzi, kenaka tipereke umboni. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma akuluakulu aboma ankati watengeredwa ku South Africa kukalandira chithandizo, mpaka analengeza za imfa yake pa 7 Epulo. Chimodzi mwa zomwe zinathetsa bodzalo ndi kufunsa kosalekeza.

Lero tili ndi lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Phungu akati wakumba mijigo khumi, mtolankhani wa Dzimwe Radio apemphe zikalata ku khonsolo ya Mangochi, akawerenge yekha mijigoyo, afunse amayi otunga madzi.

Otsutsa nawonso asiye kutukwana, pakuti chipongwe chimamusandutsa wabodzayo wozunzidwa. Abwere ndi manambala, anene zomwe iwo adzachite, ndipo asabwezere bodza ndi bodza.