Chibayo cha Ana a Akavalo ndi Mankhwala Amene Anatha Mphamvu

M'chigawo cha Kentucky, ku America, muli mafamu akuluakulu oweta akavalo a mpikisano wa liwiro. Kumeneko mwana wa kavalo mmodzi amatha kugulitsidwa pa mtengo woposa wa nyumba yabwino ya m'tauni, kotero kuti eni ake sagona tulo pomsamala. Komabe chaka ndi chaka, nyengo yotentha ikafika ndipo fumbi likayamba kuuluka m'makola, pamabuka matenda a chibayo amene amagwira ana a akavalo a mwezi umodzi kufikira miyezi isanu ndi umodzi. Mbiri ya matendawa iri ndi phunziro kwa munthu aliyense woweta ziweto, ngakhale amene sanaonepo kavalo ndi maso, pakuti ikusonyeza m'mene mankhwala abwino amaonongekera m'manja mwa anthu ofuna zabwino.

Kachirombo koyambitsa chibayo chimenechi kali m'gulu la mabakiteriya, ndipo dzina lake ndi Rhodococcus equi. Woyamba kukafotokoza anali katswiri wa ziweto wa ku Sweden dzina lake Magnusson, m'chaka cha 1923. Kachiromboka kamakhala m'dothi ndipo kamaswana kwambiri m'ndowe za akavalo. Ndowe zikauma ndi kupondedwapondedwa zimasanduka fumbi, ndipo mwana wa kavalo amakokera fumbilo m'mapapo popuma. Kavalo wamkulu sadwala kawirikawiri, chifukwa thupi lake linakhwima kale; koma wamng'ono chitetezo chake chimakhala chisanalimbe.

Kuopsa kwa kachiromboka kwagona pa malo amene kamabisala. M'mapapo muli maselo ena amene ntchito yao ndi kumeza tizirombo ndi kutigaya, monga alonda ogwira wakuba pakhomo. Tsono kachirombo aka kakamezedwa sikagayika ai. Kamakhazikika m'kati mwa mlonda yemweyo ndi kuswana momwemo mpaka kumupha. Pang'ono ndi pang'ono m'mapapo mumamera zithupsa zodzaza mafinya. Kwa milungu ingapo mwana wa kavaloyo amaoneka wamphamvu, akuyamwa ndi kujowajowa monga anzake. Pamene ayamba kutentha thupi, kutsokomola ndi kupuma mobanika, matenda amakhala atazika kale mizu.

Kwa zaka zambiri madokotala a ziweto analibe chochita chenicheni. Mankhwala monga penicillin ankatha kupha kachiromboka m'mbale ya m'nyumba yopimira, koma m'thupi sankalowa bwino m'maselo ndi m'mafinya m'mene kabisala. Mwa ana a akavalo 10 odwala kwambiri, pafupifupi 8 ankafa. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1980 pamene anayamba kuphatikiza mankhwala awiri, erythromycin ndi rifampicin. Onse awiriwa amasungunuka m'mafuta, motero amabowola khungu la selo ndi kukapeza mdani komwe ali. Lipoti la m'chaka cha 1987 linasonyeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 opatsidwa mankhwalawa anachira. Pambuyo pake panabwera abale a erythromycin, ndiwo azithromycin ndi clarithromycin, amene samwetsedwa kambirimbiri pa tsiku.

Chithandizochi si chopepuka. Mankhwala amaperekedwa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu. Ana a akavalo ena amatsegula m'mimba. Erythromycin amaletsa thukuta kutuluka, kotero kuti wodwalayo akasiyidwa padzuwa thupi limatentha mopitirira mpaka kufa nako. Ku Sweden kunapezekanso kuti amake ena anadwala m'matumbo koopsa chifukwa chonyambita timankhwala totsalira pa ana ao. Ngakhale zinali choncho, alimi anaona kuti apeza chida chodalirika.

Vuto linayamba ndi nzeru imene inkaoneka yabwino. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mafamu ambiri anayamba kuunika zifuwa za ana a akavalo onse ndi makina oonetsa za m'kati mwa thupi, aja amaunikira amai oyembekezera m'zipatala. Maganizo ao anali akuti, popeza matendawa amabisala, ndi bwino kuwapeza asanakule. Makinawo anaonetsa tizithupsa ting'onoting'ono m'mapapo a ana a akavalo ochuluka zedi, ngakhale amene sankatsokomola n'komwe. Aliyense wopezeka ndi kachithupsa ankayamba kumwetsedwa mankhwala. Pa mafamu ena zimenezi zinatanthauza theka la khola lonse, chaka chiri chonse.

Nanga onsewo ankafunikadi mankhwala? Funso limeneli analiyankha ofufuza a ku Germany, otsogozedwa ndi Monica Venner, pa famu ina yaikulu kwambiri. Iwo anagawa ana a akavalo okhala ndi zithupsa zazing'ono m'magulu: ena anawapatsa mankhwala enieni, ena sanawapatse mankhwala opha tizirombo koma ankangowayang'anira mosamala. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa m'chaka cha 2013, zinasonyeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 a gulu losapatsidwa mankhwala anachira okha. Apa panaoneka poyera kuti kwa zaka zambiri mankhwala amphamvu ankathiridwa pa matenda amene thupi likadathana nawo palokha.

Mankhwala operekedwa chabe sapita pachabe ai, amasiya zipsera. Pakati pa tizirombo miyandamiyanda pamapezeka kamodzi kamene kanabadwa ndi kusiyana pang'ono, kotero kuti mankhwala sakapha. Mankhwala akasesa tinzake tonse, iko kamatsala kokha m'munda wopanda mpikisano, ndipo kamaswana mwaufulu. Kuwonjezera apo, mankhwala ndi tizirombo zimatuluka pamodzi m'ndowe ndi kulowa m'dothi la m'khola, m'mene kusankhana kumeneku kumapitirira ngakhale wodwala atachira kale.

Zipatso zake sizinachedwe. M'chaka cha 2010 Steeve Giguère ndi anzake anafalitsa lipoti lakuti ana a akavalo ogwidwa ndi tizirombo tosamva mankhwala anali pa ngozi ya imfa yoposa ya anzao pafupifupi kasanu ndi kawiri. M'chaka cha 2013 kunatuluka nkhani ya famu ina ya ku Kentucky imene inazolowera kumwetsa mankhwala aliyense wopezeka ndi kachithupsa. Pa tizirombo 25 totengedwa kwa odwala asanayambe kulandira mankhwala, 6 tinali tosamva kale. Ndipo pa 13 totengedwa atalandira mankhwala, 8 tinali tosamva. Kafukufuku wina wofalitsidwa m'chaka cha 2019 anapima dothi la mafamu 100 a m'chigawo chomwecho, ndipo pa mafamu 76 panapezeka tizirombo tosamva mankhwala.

M'chaka cha 2015 akatswiri anapeza gwero la kusamvaku. Ndi kachidutswa ka malangizo a chibadwa kamene anakatcha erm(46). Kachidutswaka kamasintha malo amene erythromycin ndi abale ake amagwira m'kati mwa kachirombo, monga munthu asintha loko kuti kiyi wakale asatsegulenso. Choopsa nchakuti kamatha kudumpha kuchoka m'kachirombo kena kupita m'kanzake. Mtundu umodzi wa Rhodococcus equi unatenga kachidutswa kameneka ndiponso unasintha chibadwa chake mwa njira yolepheretsa rifampicin, motero unagonjetsa mankhwala onse awiri nthawi imodzi. Mtundu umenewu unafalikira m'zigawo zingapo za America, ndipo m'chaka cha 2022 kunalengezedwa kuti wapezekanso ku Ireland, dziko limene limagulana akavalo ndi America.

Mankhwala ena olowa m'malo ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo ndi ofunika kwambiri pochiza anthu. Katemera wodalirika wa matendawa sanapezekebe. Mafamu ena amathira ana a akavalo ongobadwa kumene madzi a m'magazi otengedwa kwa akavalo akuluakulu okhala ndi chitetezo chochuluka. Njirayi imathandizako, koma ndi yokwera mtengo ndipo siteteza onse. Nchifukwa chake akatswiri abwerera ku zinthu zapafupi: kuonetsetsa kuti mwana wayamwa mkaka woyamba wa make, kuchotsa ndowe m'makola, kuchepetsa fumbi, ndi kupewa kuthithikiza ziweto malo amodzi. Koposa zonse amalangiza kuti mankhwala aziperekedwa kwa odwaladi ndi kwa okhala ndi zithupsa zazikulu, ndipo ena onse azingopimidwa kawirikawiri. Famu ya ku Germany ija itatsata njira imeneyi, chiwerengero cha olandira mankhwala chinatsika kuchoka pa 8 mwa 10 kufika pa theka, koma imfa sizinachuluke.

Omvera ena angafunse kuti nkhani ya akavalo a anthu olemera a kutsidya kwa nyanja ikukhudza bwanji mlimi wa ku Malaŵi. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Rhodococcus equi ndi mbale wa kachirombo koyambitsa chifuwa chachikulu, ndipo rifampicin amene amamwetsa ana a akavalo ndi yemweyo amene ali msana wa mankhwala a chifuwa chachikulu m'zipatala za dziko lino. Kachiromboka kamapezekanso mu nkhumba, ng'ombe ndi mbuzi, ndipo kamagwira anthu amene chitetezo chao chinatsika, monga okhala ndi HIV. Mwa anthu otere matendawa amafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu, kotero kuti nkosavuta kusokoneza awiriwa.

Koma phunziro lalikulu liri pa khalidwe la munthu ndi mankhwala. Alimi a ku Kentucky sanali mbuli kapena osasamala. Anali ndi ndalama, makina ndi madokotala, ndipo chimene chinawasokeretsa chinali mantha otaya chiweto cha mtengo wapatali. Mantha omwewo ndiwo amachititsa woweta nkhuku kusungunula makapisozi m'madzi a khola lonse pamene nkhuku imodzi yokha yaodzera, kapena woweta ng'ombe kubaya jekeseni wogula pamsika popanda kufunsa mlangizi wa ziweto. Mankhwala opha mabakiteriya ali ngati nkhokwe ya mudzi wonse: aliyense wotapamo popanda chifukwa amachepetsa chakudya cha tsiku la njala. Woweta wanzeru amayamba waitana mlangizi kuti aone chiweto, amapereka mankhwala kwa chodwala chokha, pa mlingo woyenera ndi kwa masiku onse amene wauzidwa, ndipo pa zotsalazo amadalira ukhondo wa m'khola ndi maso ake.