Atafika mtsikana pa ntchito, abambo anayamba kusamba

Chaka china ndinaperekeza ophunzira anga a zaunamwino ndi uzamba ku chipatala china chaching'ono cha kuno kumapiri a Dedza. Tinapeza akumanga chidikiro cha amayi oyembekezera. Munali mu June, ndipo kuzizira kwa kuno mukukudziwa, madzi amachita kuluma. Amisiri ankafika m'mawa osasamba, maovololo ali mbuu ndi simenti, ena atavala nkhwaira. Zotukwana zawo zinkamveka mpaka m'chipinda chochilira.

Kenaka kapitawo anabweretsa mtsikana amene anaphunzira zomangamanga kusukulu ya ntchito zamanja. Sabata isanathe, ndevu zinametedwa, maovololo anachapidwa, majombo amene ankangokhala m'sitolo anavalidwa. Wosuta fodya anayamba kukasutira kuseri. Bambo wina wachikulire ndithu anafika atasita malaya ngati akupita ku Misa ya pa Pasaka. Tinaseka ndi ophunzira anga, koma ine monga namwino ndinaona chinanso: obwera kudzamangitsa mabala a misomali kuphazi anachepa. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tsono kusamba kwinaku kunali ndi cholinga. Awiri mwa abambowo, onse apabanja, anamufunsira mtsikanayo. Atawakana, ulemu uja unatha. Anayamba kumubisira zida, kumusiyira ntchito yotunga madzi, ndi kumunena kuti ntchito anaipeza podzera kwa kapitawo. Tsiku lina anabwera kwa ine akudandaula mutu. Nditamufunsa bwinobwino, analira. Chinamupweteka kwambiri si abambo aja ayi, koma amayi a pamudzipo amene ankamuloza pa mjigo kuti wabwera kudzapasula mabanja.

Amayi anzanga, apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Bambo akayamba kupempha sopo wonunkhira ndi malaya ositidwa, timathamangira kufunsa kuti kuntchito kwabwera ndani, mlandu n'kugwera mwana wa eni amene akungofuna chakudya cha ana ake. Chizolowezi choloza mkazi n'chakale. Amsinkhu wanga tikukumbuka lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lomwe linatha pamene kunkabwera matipate ambiri. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe anavula amayi pamsewu chifukwa cha thalauza. Nthawi zonsezi ofunsidwa za kavalidwe anali akazi.

Lero lamulo lili mbali ya mtsikana ngati uja. Lamulo loona kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la mu 2013, limati kuvutitsa munthu ndi mawu kapena machitidwe ofuna zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu. Limatinso polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere pa 40 mwa anthu 100 alionse. Choncho ana athu aakazi azipezekabe kupolisi, kunkhalango ya Chongoni, pachipata cha ku Mozambique ndi pomanga nyumba. Amene wavutitsidwa angathe kukadandaula ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa a Chilungamo ndi Mtendere a m'parishi mwake.

Tisanamizane, nafenso timatero. Anyamata akalowa m'kalasi la uzamba, atsikana amakonza tsitsi, nkhani zina n'kuzisiya. Kudzisamala pamaso pa mnzako si tchimo. Chofunika n'chakuti ulemuwo ukhalepobe ngakhale wakanidwa, ndiponso ufike kunyumba. Bambo amene amasambira mkazi wa kuntchito angathenso kusambira mayi wa ana ake, ndipo amene waleka kutukwana pa ntchito angathe kuleka pakhomo. Zimenezi timuuze tili awiri, mofatsa. Anyamata athunso tiwaphunzitse kuchapa ndi kulankhula bwino adakali aang'ono.

Pa msonkhano wa bungwe lathu mwezi uno, tifunsane ngati m'mphakati mwathu muli mtsikana wogwira ntchito pakati pa amuna okhaokha, ndipo timuyendere timve mmene zikumuyendera. Uja wa kuchidikiro sanachoke. Anamaliza khoma lake, ndipo amayi oyembekezera akugona mmenemo mpaka lero.