Wosimba nthano asalande ulemu wa osewera

Ku Kasisi m'boma la Chongwe, kufupi ndi bwalo lalikulu la ndeke la Kenneth Kaunda, kuli mishoni ya Akatolika imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1905 ndi Bambo Jules Torrend a cipani ca Ajezuiti. Wansembe ameneyu anali wokonda zinenero za m'dziko lino, ndipo anasonkhanitsa nthano zambiri ndi makina akale ojambulira mau. Buku lake la nthanozo linasindikizidwa mu 1921. Cimene cimaoneka poyera m'nthano zotere ndi cakuti wosimba sayenda yekha. Iye amayambitsa nyimbo, omvera nabvomera, ndipo omverawo akangoleka kubvomera, nthano imazirala.

Mfundo yakale imeneyi ndiyo iri pa mtima pa mkangano umene ulipo m'masewera ena ocokera ku America. Mu 1974, caka comwe sukulu ya zaulimi ya Kasisi inatsegulidwa, amuna awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson, anatulutsa masewera ochedwa Dungeons & Dragons. Anthu amakhala mozungulira tebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madaisi. Mmodzi amakhala wosimba: amafotokoza dziko, njira zake ndi zoopsa zake. Ena onse aliyense amayendetsa munthu mmodzi wa m'nthanomo, kaya msilikali, wamatsenga kapena mbala, ndipo amanena yekha cimene munthu wakeyo afuna kucita. Madaisi ndiwo amagamula ngati wapambana kapena walephera.

Munthu aliyense wa m'nthano ali ndi mphatso zisanu ndi imodzi zolembedwa ndi manambala: mphamvu, cangu, kulimba kwa thupi, nzeru, kuzindikira ndi cikoka. Paciyambi wosewera anali kuponya madaisi atatu pa mphatso iriyonse, motero nambala yocepetsetsa inali 3 ndipo yaikulu koposa inali 18. Anthu ambiri anali kupeza 10 kapena 11, pakuti mwayi wopeza 18 ndi umodzi wokha pa 216. Wanyonga anali kupezeka wosowa nzeru, wanzeru napezeka wofooka, ndipo onse anali kufunana. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Malamulo amene anatuluka m'caka ca 2000 sanaike malire pa manambala amenewa. Wosewera akapitiriza kwa nthawi yaitali, mphatso zake zinali kukwerabe kufikira pamene zinthu zambiri zinaleka kumuopsa, ndipo kuponya daisi kunasanduka mwambo cabe. Ici ndico cifukwa cake malamulo a mu 2014 anaika denga: mwa njira ya nthawi zonse wosewera sapitirira 20, pamene zirombo ndi milungu ya m'nthano ingafike pa 30. Kawerengedwe kake ndi kosabvuta. Poyesa cinthu, wosewera amaponya daisi ya mbali 20. Wokhala ndi mphatso ya 10 saonjezerapo kanthu, wa 20 amaonjezera 5, ndipo cirombo ca 30 cimaonjezera 10. Motero ngakhale ngwazi ingathe kuphonya, ndipo wamng'ono angathe kupambana tsiku lake likakwana.

Koma bvuto lenileni liri kwa wosimba. Anthu onse a m'nthano amene alibe owayendetsa, monga mafumu, amalonda ndi adani, ali m'manja mwake, ndipo palibe womletsa kuwapatsa mphamvu iriyonse imene afuna. Mdani woopsa sabvuta. Ndiye amakometsa masewera, monga mmene Mkango ndi Njobvu amakometsera nthano za Kalulu. Cirombo cochedwa Tarrasque ciri ndi mphamvu ya 30 m'malamulo a mu 2014, ndipo osewera amakondwera kufuna njira yocigonjetsera. Cimene cimapweteka ndi bwenzi lamphamvu mopitirira muyeso. Wosimba amapanga munthu wake wapamtima, namlowetsa m'gulu la osewera. Citseko cikakanika, iye ndiye amatsegula. Nkhondo ikakula, iye ndiye amapha mdani. Osewera amene anayenda ulendo wautali kudzakhala pa tebulo amasanduka oonerera pa masewera awo omwe.

Citsanzo codziwika kwambiri ndi Elminster, nkhalamba yamatsenga imene Ed Greenwood wa ku Canada anaipanga m'dziko lake lopeka la Forgotten Realms. Osewera ambiri akhala akufunsa kuti ngati dziko liri ndi munthu wotere, iwo akubvutikiranji kulipulumutsa? Osimba aluso amayankha funso limeneli ndi macitidwe awo. Munthu wamphamvu amamuika kutali, wotangwanika ndi nkhondo zake. Akaoneka, amapereka uphungu kapena nchito, kenaka nacoka. Amampatsanso cofooka cake, monga ukalamba, lumbiro lomumanga kapena kunyada, ndipo cigamulo comaliza cimatsalira osewera.

Makolo a kuno anadziwa zimenezi kalekale. Kalulu alibe nyanga, alibe zikhadabo, alibe msinkhu. Ana amamkonda cifukwa amapulumuka ndi nzeru pamene nyonga yamthera, ndipo nthawi zina iye yemwe amagwidwa ndi Fulu woyenda pang'onopang'ono. Kalulu wokhoza kugwetsa Njobvu ndi cibakera cimodzi sakanakhala ndi nthano yoti isimbidwe kawiri. Momwemonso pa nsolo, munthu amene angadziikire miyala yoposa ya mnzake angapambane lero, koma mawa adzakhala yekha pa maenje.

Aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a acinyamata ku Kasisi ndi kwina konse angapindule ndi masewera otere, pakuti safuna magetsi kapena ndalama zambiri, ndipo amaphunzitsa kuwerengera, kulankhula pagulu ndi kugwirizana. Nthano zoyambirapo ziripo kale m'midzi ya Asoli ndi Alenje, ndipo Kalulu, Fisi ndi Fulu angapatsidwe manambala awo mosabvuta. Cofunika ndi cakuti wopatsidwa mpando wa wosimba alembe malire a mphamvu masewera asanayambe, awawerenge pamaso pa onse, ndipo iye mwini akhale woyamba kuwasunga.